Makina akale azilira, asamangokhala phee m'myuziyamu

Pali mtundu wina wa myuziyamu womwe anthu ambiri sauwerengera nkomwe, uja waung'ono wokhala mu fakitale yakale, kapena pa mgodi womwe unatsekedwa, kapena m'nyumba momwe munali injini yopopa madzi. Mulibe golide kapena zovala za mafumu, muli zitsulo zakuda, malamba achikopa, mabuku a malipiro omwe mapepala ake anachita chikasu, nyali za mumgodi, ndi madala awiri atatu ovala ma ovolosi omwe amabwera mongodzipereka osalandira kanthu. Ine malo amenewa ndimawakonda kwambiri ndipo zimandiwawa kuona mmene ambiri akuyendetsedwera, chifukwa kandalama kakangopezeka kamathamangira ku ma sikirini, magalasi otchingira zinthu ndi zikwangwani zokongola, pomwe chomwe chikutha tsiku ndi tsiku ndi anthu odziwa kuyendetsa makinawo. Maganizo anga ndi oti makina azilira, ndipo ndalama yoyamba izipita kwa anthu omwe amatha kuwaliza.

Tangoganizani makina owombera nsalu ataima phee kuseri kwa chingwe, pambali pali kachikwangwani kolemba chaka chomwe anapangidwa ndi dzina la kampani. Mlendo afika, ayang'ana, awerenga, mwina ajambula pa foni, basi wadutsa, chomwe watolapo nchoti kale kunali chitsulo chachikulu. Koma makina omwewo akayatsidwa nkhani imasinthiratu. Ku Burnley ku England kuli fakitale yotchedwa Queen Street Mill, inamangidwa mu 1894 ndipo inagwira ntchito mpaka 1982, makina ake onse akuyendetsedwa ndi injini imodzi ya nthunzi kudzera m'mashafiti akudenga ndi malamba otsikira pansi, ndipo mpaka lero muli makina owombera nsalu opitirira 300. Ku Lowell ku America, ku Boott Cotton Mills, kuli chipinda cha makina 88 ndipo akamawayatsa alendo amafunika zotseka m'makutu. Phokoso lijalo ndi mbali ya mbiriyo. Owomba nsalu a ku Lancashire, dera lomwe kuli Burnley, ankalankhulana poyang'ana milomo ya anzawo popeza mawu samamveka, ambiri anakalamba ali ogontha, ndipo izi mutha kuzilemba pa chikwangwani mmene mungathere koma mwana wasukulu adzazimvetsa pokhapokha pansi panjenjemera iye nkumakuwira mnzake yemwe ali pafupi pompo koma osamvana. Nde amenewo ndi makina ochepa oyatsidwa kwa mphindi zochepa, pomwe amayi aja ankaima mmenemo tsiku lonse, makina mazanamazana akulira pamodzi, fumbi la thonje lili mbuu kulowa m'mapapo.

Tengani kanthu kakang'ono ngati shuttle, kamtengo kaja kosongoka mbali zonse ziwiri, kokhala ndi zitsulo kunsonga, komwe kamanyamula ulusi kumauponya uku ndi uku pakati pa nsalu ikamawombedwa. Kakakhala m'galasi ndi kamtengo basi. Koma kapatseni mayi yemwe anagwirapo ntchitoyo, akuuzani kuti taonani kabowo aka pambalipa, ulusi ukatha umaika wina ndiye kuti utulukire pa kabowoka unkaikapo milomo nkuuyamwa, kambirimbiri pa tsiku, ndipo kamtengo komweko kanali katadutsa kale pa milomo ya anthu ena, pamodzi ndi oyilo, fumbi ndi utoto wa ulusi. Madokotala ankaopa kuti chifuwa chachikulu chikufala motero, moti ku Massachusetts ku America analetsa ma shuttle oyamwawa mu 1911 koma ku Lancashire zinapitirira mpaka zaka za m'ma 1950. Mlendo akakagwira m'manja, kumva kulemera kwake, kuona mmene kanasalalira ndi zala za anthu, kenako nkuuzidwa kuti kankathamanga mwamphamvu moti kakaphonya njira kankatha kuboola munthu diso, ameneyo saiwalanso. Nchifukwa chake ndimadabwa ndi myuziyamu yomwe ili ndi ma shuttle odzaza bokosi m'chipinda chosungira katundu koma paliponse palembedwa kuti osagwira. Sungani awiri abwino m'galasi, enawo anthu agwire, sangathe ndi zala za ana.

Ndikudziwa zomwe akatswiri osamala zinthu zakale anganene, ndipo mfundo yawo ndi yolemera, sindikuipeputsa ayi. Amati makina alionse akamayenda amadyeka. Mabeyaringi amatha, mano a magiya amaperepeseka, boyila, thanki yowiritsira madzi kuti pakhale nthunzi, imafuna machubu atsopano, ndiye lero wasintha ichi mawa icho, pakatha zaka 50 chatsala ndi dzina lokha, chitsulo chenicheni chomwe anagwira anthu akale chinapita kalekale. Chitsanzo chilipo, sitima yotchuka ija ya Flying Scotsman yomwe inapangidwa ku Doncaster mu 1923, kuti ibwerere pa njanji mu 2016 panalowa ndalama zoposa mapaundi 4 miliyoni, ndipo zigawo zambiri zomwe zili pa iyo lero si zomwe inatuluka nazo ku fakitale. Palinso ngozi, nthunzi imawotcha mpaka kupha, lamba akakola malaya amakoka ndi munthu yemwe, ndipo maboyila ndi mapaipi akale ambiri anakutidwa ndi asbestos yemwe fumbi lake limayambitsa khansa. Zonsezi nzoona ndipo munthu woyendetsa myuziyamu yemwe saziganizira asapatsidwe makiyi.

Koma mfundo ya kudyekayi imagwira bwino pa chinthu chomwe chilipo chimodzi padziko lonse. Rocket ya Stephenson ya mu 1829, imodzi mwa injini zoyambirira za sitima yapamtunda, palibe akunena kuti aisonkhezere moto, ikhale mmene ilili, ndipo anachita bwino kupanga ina yofanana nayo yoti iziyenda. Ku Black Country Living Museum ku Dudley anamanga mu 1986 injini yofanana ndi ya Thomas Newcomen ya mu 1712 kuti anthu aone ndi maso mmene inkapopera madzi m'migodi. Myuziyamu yaing'ono nthawi zambiri ilibe Rocket, ili ndi makina omwe anapangidwa masauzande, osemera zitsulo, injini ya dizilo, chigayo, makina osindikizira, ndipo phindu lake lagona pa zomwe angakuonetseni akamagwira ntchito. Komanso anthu amaiwala kuti makina ongoima nawonso amafa, mwakachetechete chabe. Oyilo amauma nkusanduka ngati phula, chinyezi chimalowa mu silinda, pisitoni imagwirana ndi dzimbiri, lamba wachikopa amang'aluka, ndipo poti palibe amawayendera ndi diso lodziwa vuto limadzaoneka zinthu zitaipa kale. Makina omwe amayatsidwa kamodzi pa mwezi, pang'onopang'ono, osawasenzetsa ntchito yolemera, amakhala ndi munthu wowadziwa, ndipo denga likayamba kudonthera pa iwo ameneyo ndi woyamba kuona. Chigawo chikatha chichotseni, chipatseni nambala, chisungeni pa shelefu ndipo mulembe m'buku tsiku ndi chifukwa chake. Eni ake akale nawonso ankasintha zitsulo zakutha, fakitale iliyonse inali ndi amakaniko ake, kukonza kunali mbali ya moyo wa makinawo kuyambira tsiku loyamba.

Zina sizingayendenso, ndikuvomera. Ng'anjo ya ku Coalbrookdale ku England momwe Abraham Darby anayambira kusungunula chitsulo ndi makala ochokera ku malasha mu 1709 ndi njerwa zakale zoti nkungozitchinjiriza ku mvula basi. Koma ngakhale kumeneko, chapafupi pomwepo ku myuziyamu ya Blists Hill amathira chitsulo chosungunuka m'zikombole za mchenga alendo akuona, ndipo munthu yemwe waona chitsulo chikuyenda ngati madzi, chofiira piriwiri, akakaima pa ng'anjo yakale ija amaiona mwina.

Nkhani yomwe imandigwira mtima ndi ya ku Crofton ku Wiltshire ku England, pa ngalande ya maboti ya Kennet and Avon. Kumeneko kuli injini ya nthunzi ya kampani ya Boulton and Watt ya mu 1812 yomwe ikadali pamalo pomwe anaimanga ndipo imathabe kugwira ntchito yake yoyamba, kukweza madzi pafupifupi tani imodzi nthawi iliyonse mtanda wake ukatsika ndi kukwera, kukawatula pamwamba mamita 12. Masiku wamba madzi amapopedwa ndi mapampu a magetsi, injini zakalezo amangoziyatsa masiku osankhika kuti alendo aone, koma mu 2009 mapampu a magetsi aja atafa, anthu ongodziperekawo anasonkha moto nkupopa madzi ndi nthunzi kuti maboti asaime. Chitsulo cha zaka pafupifupi 200 chinagwira ntchito chifukwa panali anthu omwe manja awo anali asanaiwale.

Ndipo kudziwa kumeneku sikuli m'buku. Kaoneni abambo oyendetsa injini yotere. Amayamba kutenthetsa boyila dzulo lake pang'onopang'ono kuti chitsulo chisang'ambike ndi kutentha kwadzidzidzi, malasha amawamwaza mofanana pa moto wonse osawaunjika pamodzi, diso lili pa kagalasi koonetsa mlingo wa madzi chifukwa madzi akatsika kwambiri boyila itha kuphulika, ndipo injini ikayamba amazungulira ndi kachitini ka oyilo, kukhudza beyaringi ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati ikutentha, mwina nkutenga sikuludiraiva, nsonga pa chitsulo chogwirira kukhutu, kumvetsera kagogodedwe komwe inu ndi ine sitingakamve. Muwafunse kuti bambo mwadziwa bwanji kuti pali vuto, akuyankhani kuti kaliridwe kasintha, basi. Amenewo akatisiya asanaphunzitse wina, injini ija yatsala chitsulo, kaya muipake penti yonyezimira bwanji.

Bungwe la TICCIH, lomwe limaona za mafakitale akale padziko lonse, linanena zomwezi m'chikalata chake cha ku Nizhny Tagil ku Russia mu 2003, kuti luso la anthu pa ntchito zakalezi likatayika mwina silingabwererenso choncho lilembedwe bwino ndi kupatsiridwa kwa achinyamata. Papita zaka zoposa 20, ndipo anthu omwe anagwiradi ntchito m'mafakitale ndi m'migodi yotsekedwa m'ma 1970 ndi 1980 pano ndi nkhalamba. Ku Big Pit ku Blaenavon ku Wales anaiona nkhaniyi. Mgodi wa malasha umenewu unatsekedwa mu 1980 nkutsegulidwa ngati myuziyamu mu 1983, alendo amavala chipewa cholimba ndi nyali yapamphumi, amasiya foni, wotchi ya batire ndi machesi pamwamba chifukwa mwalamulo ukadali mgodi, nkutsika mamita 90 pansi pa nthaka, ndipo kuyambira pachiyambi owatsogolera anali anthu omwe anakumbadi malasha. Pena pake amauza gulu lonse kuti zimitsani nyali, mdima wake woti dzanja lako lomwe sulionanso, ndiye nkukuuzani kuti ana aang'ono ankakhala mumdima ngati umenewu okhaokha kwa maola ambiri, ntchito yawo kutsegula ndi kutseka zitseko zoyendetsera mpweya, mpaka lamulo la mu 1842 litaletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi. Poti akuluakulu aja akupuma mmodzimmodzi, myuziyamuyi inayamba kulemba achinyamata oti aphunzire ntchito ya mumgodi kwa iwo. Big Pit ndi yaikulu ndipo boma limaithandiza, eya, koma yaing'ono ingachite zomwezo pa msinkhu wake, wachinyamata mmodzi yekha wolipidwa kangachepe woti aziima pafupi ndi madala aja Loweruka lililonse sipanala ili m'manja, azilakwitsa akumuwongolera.

Tsopano za alendo. Vuto ndi loti omwe amapereka ndalama, makhonsolo ndi mabungwe, amayeza myuziyamu ndi nambala ya mitu yolowa pa geti, ndipo yaing'ono pa mpikisano umenewo siingapambane. Myuziyamu ya Snibston ku Coalville ku England, yomwe inali pa malo a mgodi wakale, khonsolo inaitseka mu 2015 pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo Queen Street Mill ija nayo inatsekedwa mu 2016, mwamwayi inadzatsegulidwanso mu 2018. Mantha amenewa ndi omwe amachititsa oyang'anira kuthamangira chilichonse chomwe akuganiza kuti chikopa anthu, sindikuwada nazo. Koma mlendo wa pa myuziyamu yotere nthawi zambiri amabwera ndi mbiri m'thumba, ndipo zimenezi nambala ya pa geti siionetsa. Gogo wina aima pa chithunzi chakale cha antchito nkunena kuti wachitatuyu ndi malume anga, ndipo chaka mwalembachi sichoona chifukwa chumuni icho chinagwetsedwa ine ndisanakwatiwe. Bambo wina abweretsa kachitsulo kozungulira ka mkuwa kokhala ndi nambala, kaja anthu a mumgodi ankasiya pamwamba akamatsika kuti zikavuta zidziwike kuti watsala pansi ndani. Kachitsulo kameneko pakokha ndi kosanunkha kanthu, koma mukawafunsa eni ake pomwepo kuti kanali ka ndani, ankagwira mbali iti, tsiku lomaliza la mgodi linali lotani, mwapeza chinthu chomwe simungachigule kwina kulikonse. Malo ambiri amangolandira, kuthokoza, kuponya m'bokosi, ndipo pakatha zaka 10 palibe akudziwa kuti nambala ija inali ya ndani. Apa ndi pomwe foni ndi kompyuta zili ndi ntchito yeniyeni, kujambula mawu a gogo uja asanatuluke pa geti, kujambula vidiyo ya manja a abambo aja akuyatsa injini kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kulemba chilichonse ndi dzina lake. Sizidula, zimangofuna munthu woti akhale pansi amvetsere.

Chinanso ndichenjeze, chifukwa okonda makina ali ndi pomwe amatererekera. Injini ikamalira, mkuwa ukunyezimira, fungo la oyilo wotentha lili ponseponse, nkosavuta kuti tsiku lonse lithe anthu akugoma ndi nzeru za mainjiniya nkuiwala kuti anavutikira zimenezi ndani. Ku Quarry Bank ku Styal ku England, fakitale ya thonje yomwe Samuel Greg anamanga mu 1784, pafupi pake pali nyumba momwe munkagona ana pafupifupi 90, ambiri otengedwa ku nyumba zosungirako amphawi, omangidwa ndi mgwirizano woti agwire ntchito zaka zambiri posinthana ndi chakudya, zovala ndi pogona. Thonje lambiri lomwe linkalowa m'mafakitale a ku Britain nkhondo yapachiweniweni ya ku America isanayambe mu 1861 linkalimidwa ndi akapolo, ndipo banja la Greg lomwelo linali ndi munda wolimidwa ndi akapolo pa chilumba cha Dominica. Masiku ano Quarry Bank imazinena izi poyera ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Myuziyamu yaing'ono nthawi zina imachita mantha, poti mwina zidzukulu za mwini fakitale ndi zomwe zinapereka nyumbayo kapena zili m'komiti, ndiye chikwangwani chimangotamanda bwana woyambitsa, chithunzi chake chachikulu pakhomo, antchito mazana osatchulidwa ngakhale mmodzi pomwe buku la malipiro lili pompo ndi mayina onse, ndi ndalama zomwe ankadulidwa akachedwa kapena nsalu ikaonongeka. Tsegulani bukulo anthu awerenge, ndipo ngati mapepala ndi ofooka jambulani masamba muwapachike. Woyatsa makina akamaliza kuonetsa mmene amayendera, aonetsenso pomwe zala za anthu zinkadukira.

Ife alendo nafenso tili ndi mbali yathu, yosavuta. Tifunse kaye tsiku lomwe makina amayatsidwa tisanapite, tilipire tikiti osanyinyirika chifukwa malasha, oyilo ndi inshuwalansi sizibwera zaulere, tisakwere pa zinthu pofuna chithunzi, ndipo koposa zonse tiwalankhule anthu ovala ma ovolosi aja. Ambiri amangodikira kuti wina awafunse. Mwana yemwe wangokhala chete akuyang'ana gudumu likuzungulira musamukoke dzanja kuti tiyeni kwada, musiyeni, mwina ndi amene adzagwire sipanala ija.

Kwa oyang'anira, ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kwa ine ndi yoonekeratu, denga lisadonthe, boyila iyesedwe ndi katswiri wovomerezeka, zotchingira malamba ndi magiya zikhalepo kuti pasavulale munthu, kenako wachinyamata wophunzira uja, sikirini ibwere kumapeto ngati kanthu katsala. Sikirini yogula lero pakatha zaka zochepa imakhala itazima kapena pulogalamu yake itatha ntchito, kampani yomwe inaiika osapezekanso, nkungotsala yakuda bii pakhoma ndi kapepala kolemba kuti yaonongeka, pomwe ndalama yomweyo ikanaphunzitsa munthu woti adzayendetse injini zaka 40 zikubwerazi. Ndiye komiti ikakhala pansi kugawa kandalama ka chaka chino, ayambe afunsana kuti mwa anthu omwe amatha kuyatsa makina athu, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati, ndipo ndani akuima pambali pake kuphunzira.